Makuti a ku Zanzibar, laimu wa pa Ilha ndi zidina za ku Nkhotakota: tikopere ziti pomanga m'mbali mwa nyanja?

Ambiri omwe akumanga ku Mangochi, Senga Bay ndi Nkhata Bay masiku ano amafika kwa mmisiri ndi chithunzi cha ku Zanzibar pafoni n'kunena kuti "mundimangire ngati iyi". Chomwe chithunzicho sichionetsa n'chakuti mmisiri wa ku Zanzibar ankalimbana ndi mchere ndi kutentha, pomwe mnzake wa ku Mozambique amagona akuganiza za namondwe. Kuno nyanja yathu ilibe mchere. Khoma lathu limadyeka kuyambira patsinde, ndipo chiswe chimamaliza zotsala.

Nyumba zakale za ku Stone Town, mzinda wakale wa ku Zanzibar, zomwe UNESCO inaziika pamndandanda wa malo otetezedwa mu 2000, n'zomangidwa ndi miyala ya m'nyanja yotchedwa matumbawe, yolumikizidwa ndi laimu. Makoma ake ndi okhuthala pafupifupi theka la mita, n'chifukwa chake m'kati mumazizira ngakhale dzuwa liswe mtengo. Luso lenileni lili pa laimuyo, chifukwa amalola chinyezi cholowa m'khoma kutulukanso. Nyumba zomwe anazikonza pomata pulasitala wa simenti ndi zomwe zavutika kwambiri: chinyezi cha mchere chimatsekeredwa m'kati, mwala umafumbutuka, pulasitala n'kumagwa zigamba zigamba. Zomwezi zimachitika pa khoma la zidina kwathu kuno. Simenti ndi youma gwa, dothi limafufuma ndi kunyala, ndiye pakatha mvula ziwiri, simenti ndi dothi zimalekana. Pa zidina matani muyeso umodzi wa laimu womangira pa miyeso 3 ya mchenga, laimuyo atakhala monyowa m'dzenje kapena mumgolo masabata osachepera 2. Laimu wothira m'munda sagwira ntchito imeneyi, ngakhale wogulitsa akuuzeni kuti ndi yemweyo.

Zipinda za Aswahili n'zazitali koma zopapatiza, mamita 3 kapena kucheperapo, chifukwa mitanda yake, yomwe amaitcha boriti, inkachokera ku mitengo ya mikoko yomera m'madzi amchere, ndipo kutalika kwa mtengowo ndi komwe kunkalamula. Mikoko ndi yomwe imatchinga gombe ku mafunde, choncho kuidula si nzeru yoti munthu atengere. Koma chipinda chopapatiza chokhala ndi mawindo oyang'anizana chimapitisa mphepo bwino, ndipo bulugama wothiridwa mankhwala amakwana bwinobwino pa mamita 3.

Nkhani ya makuti, masamba a kokonati olukidwa pa kamtengo n'kusanjidwa ngati matailosi, njachidule. Ndi opepuka, amazizira, koma pakatha zaka pafupifupi 5 amafuna kuwaonanso, ndipo kokonati kwathu ndi wochepa. Udzu wathu wofolera bwino umawaposa. Cholakwika ndi kafoleredwe: timayala pepala lapulasitiki, udzu wochepa pamwamba, denga lake logona. Madzi sathamanga, udzu umaola, chaka chamawa tili pomwepo. Denga la udzu lifunika kutsetsereka madigiri 45 kapena kuposa, udzu wake wosankhidwa, wopesedwa ndi womangidwa mothina mpaka kukhuthala masentimita 15 mpaka 20.

Ku Mozambique n'komwe kuli maphunziro owawa. Chilumba cha Ilha de Moçambique, chomwe chinalowa pamndandanda wa UNESCO mu 1991, chili ndi mbali ziwiri: kumpoto mzinda wa miyala ndi laimu, kummwera mzinda wa makuti, omwe kumeneko amalemba kuti macuti. Mbali zina za kummweraku zili pansi kuposa msewu, chifukwa miyala yomangira kumpoto ankaikumba komweko, ndipo mvula ikagwa madzi amadikha m'makomo mwa anthu. Zipangizo zake zilibe mlandu, wolakwa ndi malo.

Kenaka namondwe Idai anawomba Beira mu Malichi 2019, Kenneth n'kutsatira ku Cabo Delgado patangotha masabata 6, kusakaza Ibo ndi Macomia. Nyumba zambiri zinayamba kugonja padenga, la malata ndi la macuti lomwe. Mphepo siyikankha denga, imalinyamula, makamaka ikalowa pansi pa gawo lotulukira kunja kwa khoma. Malangizo omanganso kumeneko amabwereza zinthu zochepa: denga likhale lotsetsereka mbali zonse zinayi m'malo mwa ziwiri, lisatulukire kunja kupitirira theka la mita, phaso lililonse limangidwe ndi waya wosachita dzimbiri ku mtanda wa pamwamba pa khoma, mtandawo ku nsanamira, nsanamira ku maziko. Khoma lawo la mitengo ndi nsungwi zomata dothi, lomwe amati pau a pique, limapirira likakhala ndi mitengo yopingasa m'makona.

Apa mpomwe nzeru za anansi athu zimawombana ndi zathu. Khonde lotambalala lozungulira nyumba ndi chimene Amalawi timaposera onse, chifukwa limateteza khoma la dothi ku mvula yowomba. Koma khonde lomwelo ndi chogwirira cha mphepo, ndipo Freddy anatisonyeza mu 2023 kuti anamondwe olowera ku Quelimane, pagombe la Mozambique, amafika kuno. Yankho lake n'kupatula madenga: khonde likhale ndi denga lakelake pansi pa lalikulu, kuti likachoka lichoke lokha. Mbali yoyang'ana kummwera chakummawa, komwe kumachokera mwera, imafuna waya wowirikiza.

Pa maziko tili kumbuyo. Mu 2024 nyanja inakwera mpaka madzi kulowa m'nyumba ndi malo ogona alendo ku Mangochi, Salima ndi Nkhotakota. Musanakumbe, funsani akuluakulu a pamudzi pomwe madzi anafika chaka chimenecho komanso mu 1980, n'kumanga kumtunda kwake. Maziko akhale a miyala, okwera masentimita 45 mpaka 60 pamwamba pa nthaka, pepala lotchinga chinyezi pamwamba pake, kenaka zidina. Kuyambira 2018 boma linaletsa njerwa zootcha ndi nkhuni pa nyumba za boma ndi zamalonda, choncho womanga malo ogona alendo aganizire njerwa za dothi zopanikizidwa ndi makina, zothira simenti ya 5 mpaka 8 pa 100 alionse. Ku Karonga, komwe chivomerezi chinagwetsa nyumba mu Disembala 2009, lamba wozungulira pamwamba pa makoma onse si wosiya.

Mchenga wa m'nyanja yathu mutha kumangira osautsuka mchere, pomwe kugombe la nyanja yamchere, monga ku Pemba kapena ku Tanga, umafunika kutsuka. Nsungwi zokha n'zimene zimafuna chisamaliro: dulani zokhwima zaka 3 mpaka 5, nthawi yachilimwe, boolani mfundo zake ndi chitsulo chachitali, muziviike sabata yathunthu m'madzi osakaniza borax ndi boric acid, makilogalamu 5 onse pamodzi pa malita 100, kenaka muziumitse pamthunzi zitaimirira. Nsungwi yokwiriridwa m'dothi, ngakhale yothiridwa mankhwala, chiswe chimaipeza. Iimikeni pamwala.