Nambala ya "sukulu za boma" ku Oxford ndi Cambridge imabisa zambiri

Chaka ndi chaka ku Britain amakangana pa nambala imodzi: mwa ana olowa ku mayunivesite a Oxford ndi Cambridge, ndi angati a sukulu za boma, ndi angati a pulaiveti? Ana a pulaiveti ndi pafupifupi 7 mwa 100 alionse m'dzikomo, koma ku Oxford amatenga pafupifupi malo amodzi mwa atatu a ana a m'dzikomo, ku Cambridge atatu mwa 10. Kusiyana kulipo, palibe angakane. Koma ine ndimaona kuti nambalayi imatiphimba m'maso.

Mawu akuti "sukulu ya boma" amaika nkhuku ndi nkhanga m'khola limodzi. Zili ngati kuwerengera pamodzi Dedza Government ndi CDSS yakumudzi yopanda labotale, n'kumati onsewa ndi ana a boma. Ku England kuli ma grammar school 163, aulere ndithu, koma amasankha ana ndi mayeso a 11-plus, olembedwa chakumapeto kwa pulayimale, ndipo makolo opeza bwino amalipira aphunzitsi apadera kuti mwana akhoze. Bungwe la Sutton Trust, lothandiza ana a mabanja osauka pa maphunziro, mu 2018 linapeza kuti sukulu 8 zokha zinatumiza ana ambiri ku Oxford ndi Cambridge pa zaka zitatu kuposa sukulu zina pafupifupi 2,900 kuziphatikiza. Eton ndi Westminster, zapulaiveti zotchuka, zinalimo, inde, koma ziwiri zinali za boma: Hills Road ya ku Cambridge ndi Peter Symonds ya ku Winchester. Anthu amakondanso kutchula Brampton Manor, sukulu ya boma ya ku East London, imene mu 2021 ana ake 55 anapatsidwa malo pomwe Eton inapeza 48. Ana aja anagwira ntchito, tiwaombere m'manja, koma sixth form ya sukuluyo (zaka ziwiri zomaliza za sekondale) nayo imasankha okhoza kwambiri GCSE, mayeso olembedwa pa zaka 16.

Mwana wa sukulu wamba nthawi zambiri amagwa asanafike n'komwe pa intavyu. Zimayamba ali ndi zaka 16, posankha maphunziro a A-level, mayeso omaliza a sekondale. Wofuna masamu ku Cambridge amafunika Further Maths (masamu owonjezera a A-level), koma si sukulu zonse zili ndi mphunzitsi wake. Akadzazindikira, chaka chapita.

Kenako kalendala. Fomu ya UCAS (bungwe lolandira mafomu ofunsira malo ku yunivesite) ya mayunivesite awiriwa imatsekedwa pa 15 Okutobala, pomwe maphunziro ambiri kwina amadikira mpaka Januwale, ndipo sungafunsire ku Oxford ndi ku Cambridge chaka chimodzi. Maphunziro ambiri ali ndi mayeso akeake olowera, monga LNAT ya zamalamulo ndi UCAT ya udokotala, ndipo kulembetsa kwake n'kwapadera, ena amatseka mu Seputembala. Sukulu imene imatumiza ana 40 pachaka ili ndi munthu amene ntchito yake ndi masiku amenewa. Imene inatumizapo mwana mmodzi zaka zisanu zapitazo, mphunzitsi amamva nkhaniyi tsiku litadutsa. Palinso magiredi olosera, amene mphunzitsi amalemba pa fomu mwana asanalembe A-level: yunivesite imafuna kuyambira AAA mpaka A*A*A, ndiye mphunzitsi wamantha akalemba AAB, fomuyo yafera m'mazira ngakhale mwanayo adzakhoze kuposa pamenepo. Intavyu ya mu Disembala si yofunsa mbiri ya moyo ayi. Amakupatsa funso limene sunalionepo n'kumamvetsera mmene ukuganizira mokweza mawu. Mwana amene wayeserera zimenezi kasanu ndi wosiyana ndi amene akuyamba tsiku lomwelo.

N'chifukwa chake sindinadandaule pamene Cambridge mu 2024 inasiya kudziikira mlingo wa ana a sukulu za boma. Mlingo woterowo ukhoza kukwaniritsidwa ndi ana a madokotala ochokera ku grammar school. Zoyezera zabwino n'zimene zimayang'ana mwanayo: kodi ankalandira chakudya chaulere cha ana a mabanja osauka kusukulu, akukhala dera lotani, ndipo GCSE yake ikuoneka bwanji poyerekeza ndi anzake a pasukulu yomweyo? Koma nambala zimenezo azizitulutsa poyera chaka chilichonse, apo ayi kusiya mlingo kuja kungosanduka pobisalira.

Kwa makolo athu amene muli ku UK, yambani mwana akangolowa Year 12, chaka choyamba cha A-level. Mapulogalamu okonzekeretsa ana monga UNIQ ya Oxford, masukulu a tchuthi a Sutton Trust ndi Target Oxbridge ya ana akuda zonse n'zaulere, ndipo mafomu ake amatsekedwa miyezi yambiri UCAS isanafike. Fufuzaninso msanga za fizi. Mwana angaphunzire sukulu ya boma kuyambira Year 9, koma ngati banja lili pa viza ya ntchito, lilibe chilolezo chokhazikika, kawirikawiri amawerengedwa ngati wakunja. M'chaka cha 2025/26 mnzake wa desiki imodzi ankalipira £9,535, ngongole ya boma ilipo, iye akuuzidwa ndalama zoposa katatu pamenepo popanda ngongoleyo.