Madzi ndiwo azilamula kukula kwa munda

Pa ulimi wothirira ambiri timayamba ndi kuyeza munda, kugula mbewu ndi feteleza, za madzi n'kumaziganizira mbewu zitamera kale. Ine ndimati yambani mwadziwa madzi amene mtsinje, damu kapena chitsime chanu chimatsala nawo dzuwa likafika poswa mtengo. Nthawi imeneyo ndi yomwe mbewu zimamwa kwambiri, komanso ndi yomwe madzi amaphwa.

Tiwerengere limodzi. Milimita imodzi ya madzi pa hekitala ndi malita 10,000. Bungwe la FAO, loona za chakudya ndi ulimi padziko lonse, limati chimanga chimafuna mamilimita 500 mpaka 800 kuti chikhwime. Ndiye kuti hekitala imodzi yokha ikufuna malita osachepera 5 miliyoni, ndipo awa ndi ofika ku mizu. Olowerera pansi m'ngalande zadothi ndi ouma ndi dzuwa sitinawawerenge. Pampu yanu ikwanitsa? Ngati ayi, limani theka koma likhute.

Chimene chimandiwawa kwambiri ndi kubzala munda wonse tsiku limodzi. Chimanga chikali chaching'ono chimapirira ludzu pang'ono, koma chikamamasula ndi kutulutsa ndevu sichikhululuka. Chikasowa madzi masiku amenewo mudzasenda zitsononkho za maso apatalipatali, ngakhale muthire bwanji pambuyo pake. Tsono munda wonse ukamasula sabata imodzi, wonse ukulira madzi nthawi imodzi, ndipo apa m'pamene alimi omwera ngalande imodzi amayamba kutsekerana madzi usiku. Gawani mundawo, muzibzala motalikitsa milungu iwiri kapena itatu. Mbewu za mizu yosazama monga anyezi zikhale pazokha, chifukwa zimafuna madzi pang'ono koma pafupipafupi.

Ena amati yankho ndi mapaipi odontheza. Amapulumutsadi madzi, sindikana, koma munthu wothirira chifukwa choti lero ndi Lachiwiri adzawononga madzi ngakhale ali ndi mapaipiwo. Kumbani pafupi ndi mbewu mpaka pomwe pali mizu, tapani dothi, lifinyeni. Likagwirana n'kusiya chinyontho m'manja, dikirani. Likamwazika, thirirani. Madzi opyola muyeso amakokolola feteleza kupita naye pansi pomwe mizu sifika, amatsamwitsa mizu, masamba n'kuchita chikasu. Mlimi poona chikasucho amaganiza kuti ndi njala, n'kuwonjezeranso feteleza wina.