Makwacha awiri ochokera m'paundi imodzi

Amalonda a mumsika wa Zomba amene amakapikula katundu ku Chipata kudzera m'malire a Mchinji amabwerako ndi dandaulo limodzi, lakuti kwacha ya Zambia ndi yamphamvu kwambiri poyerekeza ndi yathu. Sakunama, pakuti kumapeto kwa 2024 kwacha imodzi ya Zambia inkasinthidwa ndi ndalama zoposa K60 za Malawi pa mtengo wa kubanki, ndipo kwa mavenda a m'malire inkadula kuposa apo. Komabe chiwerengero chimenechi chimabisa mbiri imene tiyenera kuidziwa tisanayambe kusirira anansi athu.

Ndalama ziwirizi ndi zapachibale. M'nthawi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, pamene Zomba inali likulu la Nyasaland, kalaliki wa kuno ndi wa ku Lusaka ankalandira malipiro m'paundi imodzimodzi. Chitaganyacho chitatha mu 1963, ndipo maiko onse awiri atalandira ufulu mu 1964, lililonse linasindikiza paundi yakeyake. Njira zinayamba kusiyana mu 1967, pamene Britain inachepetsa mphamvu ya paundi yake: Malawi inatsatira, koma Zambia, podalira chuma cha m'migodi ya kopa, inakana. Motero kwacha ya Zambia pobadwa mu 1968 inkagula dola imodzi ndi masenti 40, pamene yathu, imene inadza mu 1971 ndi kusandutsa sheleni kukhala 10 tambala, inkagula dola imodzi ndi masenti 20. Achinyamata ambiri sakhulupirira akamva kuti inalipo nthawi imene kwacha inkaposa dola.

Chimene ambiri amaiwala n'chakuti yoyamba kugwa, ndiponso imene inagwa moopsa, inali ya Zambia. Mtengo wa kopa utatsika mu 1975, boma la Kenneth Kaunda linalowa m'ngongole zazikulu, ndipo mu 1985 linayamba kugulitsa ndalama zakunja pa okishoni, zimene zinafooketsa kwacha mofulumira kwambiri. Mtengo wa ufa utakwera, anthu a ku Copperbelt, chigawo cha migodi ya kopa, anachita zipolowe mu Disembala 1986, ndipo chaka chotsatira Kaunda anathetsa mgwirizano ndi IMF, bungwe la padziko lonse lobwereketsa maiko ndalama. Frederick Chiluba atatenga boma mu 1991 anamasula msika wa ndalama zakunja, mitengo ya zinthu n'kumakwera kuposa kawiri pachaka, kufikira kuti podzafika 2012 dola imodzi inkagulidwa ndi makwacha a Zambia oposa 5,000. Pa 1 Januwale 2013, m'nthawi ya Michael Sata, banki yaikulu ya dzikolo inachotsa maziro atatu, kotero kuti K1,000 yakale inasanduka K1 yatsopano. Apa ndi pamene pagona nkhani. Tikabwezera mazirowo, K27 imene a ku Zambia ankagulira dola kumapeto kwa 2024 ndi K27,000 ya m'nthawi ya Kaunda, pamene kuno mtengo wa kubanki unali pafupifupi K1,750. Powerengera kuchokera pachiyambi, kwacha ya anzathuwa ndiyo yataya mphamvu yochuluka, ndipo amene amati nafenso tingofufuta maziro ayenera kudziwa kuti kwacha yatsopanoyo inagwabe, moti pakati pa 2013 ndi 2024 mtengo wa dola unawirikiza kasanu.

Nanga n'chifukwa chiyani ifeyo ndi amene timamva kuwawa kwambiri masiku ano? Ine ndikuona kuti yankho lili m'kagwedwe kake. Ku Zambia mtengo wa dola umasuntha tsiku ndi tsiku, nthawi zina kukwera, nthawi zina kutsika kopa akagulidwa bwino kunja, ndipo wamalonda amayenda nawo limodzi. Kuno takhala ndi chizolowezi choumangirira mtengowo pamalo amodzi mpaka chingwe chitaduka. Kwacha inamasulidwa mu Febuluwale 1994, n'kuchoka pa K4 ndi matambala ake kufika cha m'ma K15 pa dola chisanathe chaka. Bingu wa Mutharika anaigwira mwamphamvu poopa kuti kuichepetsa mphamvu kuzunza osauka, ndipo mantha akewo anali ndi maziko, koma ife a ku Zomba timakumbukira mizere ya galimoto imene inkagonera m'malo othirira mafuta mu 2011. Joyce Banda ataimasula mu Meyi 2012, dola inadumpha tsiku limodzi kuchoka pa K168 kufika pa K250. Zomwezo zinabwerezeka mu Meyi 2022, kenako mu Novembala 2023, pamene mtengo unachoka pafupifupi pa K1,180 kufika pa K1,700. Mphunzitsi wa ku Domasi kapena msodzi wa matemba wa ku Kachulu sakhala ndi mpata wokonzekera kugwa kotere, chifukwa amagona ndi mtengo wina wa sopo ndi feteleza n'kudzuka ndi wina.

Sindikunena kuti ku Zambia zonse zili bwino, pakuti mu Novembala 2020 dzikolo linalephera kubweza ngongole yake yakunja, ndipo kudalira kopa yekha n'koopsa monga momwe kudalira fodya kuliri kwa ife. Kusiyana kwake n'kwakuti kopa amalowetsa madola mabiliyoni angapo chaka chonse, pamene fodya wathu safika ngakhale biliyoni imodzi, ndipo msika wake umakhala wa miyezi yowerengeka chabe. Madolawo akatha m'mabanki, mwini sitolo wa mu Zomba amakawafuna kwa mavenda, ndipo mtengo umene amalemba pa botolo la mafuta ophikira amauwerengera pa dola ya mumsewuyo.