Mzere wobiriwira wandikwana

Kuntchito kwathu kuli bambo wina amene wanditopetsa. M'mawa uliwonse, ndisanakhale pansi n'komwe, foni yake ili kale pamphuno panga: "Taonani India, achimwene! Dziko likamatukuka limatere." Chimene akundionetsacho ndi kamzere kobiriwira ka Sensex, muyeso wa mitengo ya masheya a makampani ku India, kamene kanali cha pa 25,000 mu 2014 n'kudzadutsa 80,000 mu 2024.

Inde, kawirikiza katatu. Misewu yatsopano, mabwalo a ndege, kulipira zinthu pa foni, zonsezo sindikutsutsa ayi. Koma Sensex imeneyi imangoyeza makampani 30 okha a pa msika wa masheya wa ku Mumbai, m'dziko la anthu oposa 1.4 biliyoni. Masheya akakwera, amene amamwetulira ndi eni masheyawo. Wopanda ngakhale sheya imodzi amangomvera pa wailesi kuti chuma chakula, iye thumba lili pepuu.

Ndikamuuza zimenezi, akuti ndili ndi nsanje. Nsanje ya chiyani? Mwini wakeyo sheya alibe, ku India sanapondeko. Ndipo dzulo lomweli, atamaliza ulaliki wakewo, anandikokera pambali n'kundinong'oneza kuti ndimubwereke kangachepe, adzabweza mwezi ukatha.