Satana amaitana chabe, sikelo timapotoza ndife

Assalam alaikum abale ndi alongo. Lero ndalemba zambiri, amene bandulo yatsala pang'ono kutha andikhululukire.

Pali mawu amene tawazolowera kwambiri moti sitimvanso kulemera kwake: "Anali Satana." Munthu wadya ndalama za komiti ya mzikiti, anali Satana. Bambo wagulitsa feteleza wa pakhomo n'kukabetchera mpira, anali Satana. Wina wapezeka ndi mkazi wa mwini, mawu ake ndi omwewo. Ife omvera timangogwedeza mutu, nkhani n'kuthera pompo.

Satana alipo, zimenezo sindikutsutsa. Mu Surah Al-A'raf, ndime 16 ndi 17, Iblis, amene ndi Satana yemweyo, adalumbira kuti adzatikhalira pa njira yowongoka n'kumatidzera kutsogolo, kumbuyo, kumanja ndi kumanzere. Mtumiki Muhammad (s.a.w) adatinso Satana amayenda mwa munthu mmene amayendera magazi. Koma tawerenganinso Surah Ibrahim, ndime 22. Chiweruzo chikadzatha, Satana yemweyo adzauza om'tsatira kuti iye analibe mphamvu iliyonse pa iwo, ankangowaitana iwo n'kumavomera, choncho asam'dzudzule iye koma adzidzudzule okha. Amene tikubisala kumbuyo kwakeyo adanena kale kuti adzatikana pamaso pa Allah.

Tikamva za mayesero, maganizo amathamangira ku mowa ndi chiwerewere, ndipo makhutba (maulaliki) ambiri a Lachisanu amazungulira pomwepo. N'zoyenera. Koma kuno ku Dedza, kumene ambirife timadya za ulimi ndi geni, yesero lomwe limatipeza tsiku ndi tsiku lili pa sikelo ndi mu ndowa.

Yendani nthawi yokolola, kuyambira mu April mpaka chisanu chitagwira, mudutse pa Chimbiya, pa Linthipe, mukafike ku Mayani kapena ku Lobi. Masikelo ali lendelende m'mitengo ndi m'makonde. Akubwera mayi, thumba la soya pamutu, mwana kumsana, wanyamuka kwawo kusanache. Venda akulandira thumbalo ndi ulemu wonse, "Mayi, tulani apa, mwatopa." Akulikoleka, muvi ukuyenda, iye waima mbali yomwe kuli manambala, mayi aja ali kuseri. Akutchula makilogalamu ake. Mayi akudziwa mumtima kuti katunduyu amalemera kuposa pamenepo, khosi lawo ndi lomwe lamva, koma abwerera nalo thumbalo mtunda wonse uja? Kunyumba kulibe sopo, mwana wabwezedwa kusukulu. Akulandira ndalamazo, akumanga pa nsonga ya chitenje, ulendo. Sikelo ija sinadzipotoze yokha, ndipo palibe jini lomwe linabwera usiku kudzaibweza muvi. Manja omwe anachita zimenezo ndi omwewo adzachite wudhu (kudziyeretsa ndi madzi pokapemphera) Lachisanu, mwini wake n'kukakhala pa mzere woyamba.

Alimi musaseke, chifukwa nafenso tili momwemo. Ena amawaza madzi m'chimanga kuti chilemere, ena amathira mchenga mu soya. Pa Bembeke ndi pa Lizulu, amene anagulapo mbatatesi m'mbali mwa msewu wa M1 akudziwa: zikuluzikulu zonyezimira zili pamwamba, ukafika ku Lilongwe n'kukhuthula, pansi pali tating'onoting'ono ndi zoyamba kuwola. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Si onse amatero ayi, alipo amayi okhulupirika omwe amakhuthula ndowa pamaso pako kuti uone mpaka pansi, ndipo amenewo ndi omwe amandilimbitsa mtima kuti geni yoyera ndi yotheka.

Nkhani imeneyi Mtumiki (s.a.w) adakumana nayo yekha pamsika. Mu hadith yomwe ili mu Sahih Muslim, iye adadutsa pa mulu wa chakudya chogulitsa, n'kupisamo dzanja, zala zake n'kukhudza chinyezi. Atafunsa, mwini malonda adati chinavumbwa ndi mvula. Mtumiki adamufunsa chifukwa chomwe sanaikire chonyowacho pamwamba kuti anthu achione, kenako adati wachinyengo sali mwa iye. Sanamufunse ngati ndi Satana adam'tuma. Ndipo pali surah yathunthu, ya nambala 83, Al-Mutaffifin, yomwe imayamba ndi tsoka kwa opungula muyeso, amene akamalandira kwa anthu amafuna zodzaza koma akamayezera anzawo amachepetsa. Anthu a ku Madyan, omwe adatumiziridwa Mneneri Shuaib (a.s), chimodzi mwa zomwe zidawaonongetsa ndi chimenechi. Werengani Surah Hud kuyambira ndime 84.

Manong'onong'o a Satana pa sikelo sabwera ndi mawu oopsa. Amabwera ndi mawu anzeru, omveka ngati malangizo a munthu wokufunira zabwino. Aliyense akutero. Ukapanda kutero mpamba ugwa. Kwa amene ukagulitseko nawonso akakubera, ndiye bweza pano. Ndi theka la kilogalamu chabe. Ukapeza phindu udzaperekako sadaka. Surah Al-Baqarah, ndime 268, imatchula chida chake chenicheni: Satana amakuopsezani ndi umphawi. Ndipo kunena zoona, pano sakuvutika kupeza poyambira. Kwacha idagwetsedwa ndi 44 peresenti mu November 2023, mtengo wa feteleza tonse tikuudziwa, mafuta a galimoto amasowa, wonyamula katundu amakweza mtengo tsiku lililonse. Mantha a umphawiwo si nthano. Koma mayi wa soya uja naye akukhala m'Malawi yemweyu, feteleza anagula pa mtengo womwewo, ndipo mavuto ako sakukupatsa ufulu wom'senzetsa iye.

Chinthu china chomwe chimanditsimikizira kuti vuto lili mwa ife ndi mwezi wa Ramadhan. Hadith imati mweziwu ukalowa, makomo a Jannah amatsegulidwa, a kumoto amatsekedwa, asatana amamangidwa unyolo. Nanga bwanji miseche simatha? Bwanji ndowa yokankhidwa pansi kuti ichepetse muyeso imagwirabe ntchito masana, mwini wake ali pa swaumu (kusala kudya), milomo gwa? Yankho lili mu Surah Yusuf, ndime 53: nafsi, womwe ndi mtima wa munthu mwini, imalamula kwambiri zoipa, kupatula yomwe Mbuye waichitira chifundo. Satana akakhala atakuphunzitsa miyezi 11, mwezi umodziwo nafsi imapitiriza yokha.

Apa ndipo pamandidabwitsa. Timaopa kwambiri zoipa zochokera kunja kuposa zomwe zili m'chifuwa. Geni ikangotsika pang'ono, maganizo ali pa mnansi, akuti wandilodza, ulendo wa kwa sing'anga kukafuna mankhwala a bizinesi, zithumwa zokwirira pakhomo la golosale. Ena mpaka kuwoloka malire kupita ku Mozambique, poti akuti za kumeneko n'zamphamvu. Matsenga alipo, Qur'an ikuwatchula, koma ndime 102 ya Surah Al-Baqarah yomweyo ikuti sangapweteke nawo aliyense popanda chilolezo cha Allah. Ndipo chitetezo chomwe Mtumiki (s.a.w) adatiphunzitsa sichilira tambala: Surah Al-Ikhlas, Al-Falaq ndi An-Nas katatu m'mawa ndi madzulo, Ayatul Kursi pogona, A'udhu billahi mtima ukayamba kusokonezeka. Munthu amasiya zaulerezi n'kukalipira mbuzi kuti achite shirk (kuphatikiza Allah ndi zinthu zina), tchimo lomwe ndi lalikulu kuposa onse. Pamenepo wathawa Satana kapena wam'tsatira mpaka kwawo?

Onaninso mmene Surah An-Nas imathera. Wonong'oneza m'zifuwa za anthu uja akuti ndi wochokera m'majini ndi mwa anthu. Mbali yachiwiriyi timaidumpha. Mnyamata amene anaphunzira kubweza sikelo anachita kuonetsedwa ndi mnzake. Amene anayamba juga ya kandege pa foni, alipo anam'tumizira n'kumuuza kuti dzulo wadya zingati. Za zomwe analuza sananene. Juga masiku ano safuna kuti upite kuseri kwa msika ayi, ili m'thumba mwako, umalowa nayo mumzikiti itangotsekedwa mawu. Ndime 90 ya Surah Al-Ma'idah idaiika pamodzi ndi mowa ndi mafano, kuti ndi uve wa ntchito za Satana, ndipo dzina lachilendo la pa foni silinasinthe chigamulocho.

Nanga tingatani? Maganizo anga ndi akuti ambiri timagonja chifukwa timafuna kulimbana ndi yesero titafika kale pakati pake. Qur'an njira yake ndi ina. Pa chiwerewere siyikungoti musachite, ikuti musachiyandikire, Surah Al-Isra ndime 32. Pa Satana ikuti musatsate mapazi ake, kusonyeza kuti amatenga munthu phazi ndi phazi. Mneneri Yusuf (a.s), pamene mkazi wa bwana wake adatseka zitseko, sanakhale pansi kuti ayese kulimba kwa chikhulupiriro chake. Adati Allah anditchinjirize, n'kuthamangira kukhomo, mpaka malaya ake adang'ambika kumbuyo. Ngati mneneri adathawa, iwe ndi ine ndife ndani kuti tizinena kuti ndingoonako pang'ono, ndikudziwa polekera?

Ndiye kuthawa kwa lero n'kotani? Amene kandege kamugwira achotse pa foni, ndalama za mpamba asunge mkazi wake kapena m'bale wodalirika, ngakhale zikuoneka zochititsa manyazi. Manyazi amenewo ndi aang'ono poyerekeza ndi a tsiku lomwe a katapila adzabwere kudzanyamula malata. Wokwiya msanga, Sunnah idanena kale: ngati waima khala pansi, zikapanda kutha gona, kachite wudhu. Swala zisanu zisadumphidwe, poti Surah Al-Ankabut ndime 45 ikuti Swala imaletsa zonyansa ndi zoipa, ndipo munthu woima pamaso pa Allah kasanu patsiku amavutika kunamiza mtima wake nthawi yaitali. Wagwa kale, khomo la tawba (kulapa) ndi lotsegula, koma tikumbukire zomwe mashehe athu amaphunzitsa: tchimo lolakwira munthu silithera pa istighfar (kupempha chikhululuko kwa Allah) yokha, chomwe unatenga uyenera kubweza kwa mwini wake. Pamenepa ndi pomwe ambiri timati zii.

Kwa anzanga a masikelo, chinthu chake n'chosavuta. A Malawi Bureau of Standards amayeza masikelo, kayezetseni yanu. Tembenuzirani manambala kwa wogulitsa kuti adzionere yekha. Sungani paketi ya shuga ya kilogalamu imodzi yosatsegula, wokayika aliyense aikoleke aone ngati muvi ukuima pa 1. Ukachita zimenezi pamaso pa anthu wadzitsekera wekha khomo, mawa ngakhale manong'onong'o abwere supeza pochitira. Tisaiwalenso kuti kalembera wa 2018 adapeza kuti Asilamu m'dziko muno ndife pafupifupi 14 mwa anthu 100 aliwonse. Ambiri omwe timagula nawo kuno ndi a mipingo ina, sadzalowa mumzikiti kudzamva khutba. Chisilamu chomwe amachidziwa ndi chomwe amachiona kwa bambo wa kofia uja amawagula nyemba.

Ndili ndi pempho kwa makomiti a mizikiti yomwe ili pafupi ndi misika, kaya ndi pa Dedza boma, ku Mayani, ku Mtakataka kapena ku Golomoti. Timasonkha za makapeti, za zokuzira mawu, za futari. Bwanji osasonkha kugula sikelo imodzi yoyezedwa bwino, iziikidwa panja pa mzikiti tsiku la msika, mlimi aliyense, Msilamu kapena ayi, aziyamba wayezapo katundu wake mwaulere asanapite kwa venda? Ana a madrasa okulirapo atha kumasinthana kuyang'anira. Amene muli m'makomiti, kaikeni nkhaniyi pa msonkhano wanu nyengo yokolola isanafike, ndipo ngati kwinakwake akuchita kale, ndiuzeni mmene zikuyendera.