Palafini watifika pakhosi kuno ku Northern Ireland

Abale anga amene muli kuno, tiyeni tikambirane za mafuta a mu thanki chifukwa ine zandikwana. Kumudzi palafini tinkagula wa m'kabotolo woyatsira koloboyi, kuno palafini yemweyo ndi amene amatenthetsa nyumba zoposa theka, ndiye thanki ija ya kuseli ikangouma basi ma radiator zii, madzi otentha osawaonanso.

Sabata yatha ndikuchokera ku shifiti ya usiku ndapeza mwana wanga ali khale pa sofa, jekete ndi chipewa m'nyumba momwe, akamayankhula nthunzi ikutuluka mkamwa. Ndatenga mpini wa tsache kukapisa mu thanki, wangonyowa kunsonga kokha. Kuimbira ogulitsa akuti galimoto siingabwere chifukwa cha malita ochepa, ndalama ya oda yonse ndinalibe, ndiye ndinangothamangira ku filling station kukatenga zigubu ziwiri za malita 20. Apa ndi pamene pakundiwawa. Wa chigubu amalipira zambiri pa lita kuposa amene amaodetsa malita 900 kamodzi, ndiye kuti wosauka yemweyo ndi amene akufinyidwa kwambiri. Komanso boiler, makina otenthetsa madzi a m'nyumba, inali itakoka mpweya, ndinalipiranso munthu woti adzaikonze.

Mukukumbuka 2022? Russia italowa mu Ukraine mu February, pofika March malita 500 anali atadutsa £600 pomwe masabata ochepa m'mbuyomo tinkagula cha m'ma £300. Kuno kulibe fakitale yoyenga mafuta, mafuta amabwera pa sitima yapamadzi kudzera ku Belfast ndi Derry, kukangovuta kwina kulikonse mtengo umatipeza sabata yomweyo. Ife a Malawi izi sizachilendo, tagonapo pa mizere ya petulo ku Lilongwe forex itasowa. Kudalira mafuta a eni ake ndi choncho, koma kuno kuli chisanu choti nkhalamba imafa nacho m'nyumba.

Chimene sindikumvetsa ndi ichi, gasi ndi magetsi ali ndi bungwe loyang'anira mitengo yake lotchedwa Utility Regulator, koma palafini amene anthu ambiri tikudalira palibe amene amayang'anira mtengo wake. £600 imene boma la UK linatipatsa mu 2023 inathandiza inde, koma inali ya kamodzi ndipo inathera mu thanki momwemo. A ku Stormont, ku nyumba ya malamulo ya kuno, aike mafuta amenewa pansi pa lamulo, komanso akakamize ma landlord kuika insulation yotchinga kuti kutentha kusathawe, chifukwa nyumba imene ndikuchita lendi ine mphepo imalowa pa windo mpaka katani kumagwedera, mafuta ndikuwotcha koma kutentha kukuthawira panja.

Pakadali pano amene muli cha ku Portadown ndi Dungannon tiyeni tiziodetsa pamodzi ngati chipereganyu, galimoto ikabwera kamodzi pa nyumba zingapo mtengo umatsikako. Ndilembereni mu inbox December asanafike.