Chenjezo kwa achinyamata amene asandutsa misewu ya m'mapiri kukhala bwalo la mpikisano

Ana anga, ndikulankhula ndi inu amene mwadalitsika ndi galimoto, amene Loweruka likafika mumatengana magalimoto atatu kapena anayi kupita kukayesa mphamvu ya injini pa msewu wa Golomoti, pa chitunda cha Chiweta, kapena pa mtsetse wochoka ku Blantyre kupita ku Chikwawa. Makanema anu tikuwaona pa WhatsApp ndi pa Facebook. Dzanja limodzi lili pachiwongolero, lina lagwira foni, foniyo yaloza kamuvi ka liwiro kamene kadutsa 120, uku anzanu kumbuyo akukuwa ndi kuseka ngati kuti pachitika chanzeru. Khalidwe limeneli ndi loipa, ndipo ife akuluakulu tikapitiriza kungoliyang'ana tili chete, tidzakhala ndi mlandu pa maliro amene akubwera.

Sindikutsutsa kuti misewu imeneyi ndi yokoma kuyendamo. Munthu amene wakhota pa Masasa, kufupi ndi Dedza, n'kuyamba kutsika kulowera ku Golomoti, amaona chigwa chonse chitayalika pansi pake, ndipo amene akutsika Chiweta amaona nyanja ikuwala kumunsi mwakuti mtima umafuna kuti aime kaye. Msewu wodutsa m'minda ya tiyi ku Thyolo kupita ku Mulanje, ndiponso wokwera phiri la Zomba kupita ku Ku Chawe, ndi yosangalatsa kwa aliyense wokonda chiwongolero. Kukonda galimoto si tchimo. Chimene ndikudzudzula ndi maganizo akuti popeza mwatuluka m'tauni, ndipo simukuonanso maroboti kapena mndandanda wa maminibasi, ndiye kuti msewu ulibe anthu ndipo wasanduka wanu.

Msewu wa kumudzi uli ndi eni ake, ndipo ambiri mwa iwo alibe galimoto. Pa chitunda cha ku Chikwawa mudzapeza bambo akukankha njinga imene yasenza matumba a makala otalika kuposa iyeyo, thukuta lili kamukamu, ndipo njinga yoteroyo singathe kupatuka msanga ngakhale mutaliza hutala motani, chifukwa akangoipendeketsa pang'ono katundu yense amamugwetsa. Potsika phiri la Zomba mudzakumana ndi amayi atasenza mitolo yaitali ya nkhuni, amene sangathe kutembenuza khosi kuti aone chimene chikubwera kumbuyo. M'mbali mwa msewu wa Golomoti muli amisiri osema timagalimoto ndi tinjinga tamatabwa, ndipo alendo amaimika magalimoto awo pomwepo kuti agule, nthawi zina pamalo pamene wochokera kumtunda sangawaone kufikira atafika pafupi. Onjezanipo ana asukulu oyenda m'magulu, akabaza, ngolo za ng'ombe zopanda nyali madzulo, ndi mwana wothamangitsa mbuzi amene maso ake ali pa mbuziyo basi. M'malo ambiri mphepete mwa phula mudadyeka kale, kotero kuti wanjinga ndi woyenda pansi alibe kwina kopita koma pa phula lomwelo limene inu mukudutsapo.

Palinso chizindikiro chimene aliyense wokulira m'dziko lino amachidziwa, koma chimene inu pa liwiro lanulo simungachione m'nthawi yake. Mukaona nthambi zamasamba zitaikidwa pamsewu, tanthauzo lake ndi limodzi mwa awiri: mwina pafupi pali maliro ndipo anthu akuwoloka uku ndi uku, kapena kutsogolo kwafa lole ndipo yaima pakati pa njira. Pa Chiweta, pamene pamadutsa malole olemera a malasha ndi a mafuta, lole yofera pakhota si chinthu chachilendo. Ikakonzedwa n'kuchoka, kawirikawiri imasiya miyala imene adatchingira matayala ndi mafuta otayika pa phula. Munthu wobwera pa liwiro loyenera amaziona n'kuzipewa, koma wobwera mothamanga amazindikira zili kale pansi pa galimoto.

Tsopano za manambala a pa zikwangwani, amene ambiri a inu mumawatenga ngati zokongoletsa msewu. Polowa pa malo a malonda mumaona 50, ndipo pa msewu wotseguka mumaona 80. Nambala imeneyo ndi malire, kutanthauza liwiro limene simuyenera kupitirira ngakhale zinthu zonse zili bwino, msewu uli wouma, kunja kukuwala ndipo kutsogolo kukuoneka. Sikuti ndi liwiro limene mukulamulidwa kufikapo. Pakhota pamene thanthwe kapena udzu wautali wakutchingirani kutsogolo, ngakhale 80 yololedwayo ndi misala, ndipo pa makhota ena a Golomoti ngakhale 40 ndi yambiri. Lamulo limene dalaivala wanzeru amadziikira yekha ndi lakuti ayende pa liwiro loti angathe kuima mkati mwa mtunda umene maso ake akuona. Ngati mukuona mamita 30 okha kutsogolo, muyenera kukhala okhoza kuima m'mamita 30 amenewo, chifukwa kuseri kwa khotalo kungakhale chilichonse, ndipo chakudza sichiimba ng'oma.

Popeza ambiri a inu mudapita kusukulu kuposa ife, tiyeni tiwerengere limodzi. Galimoto yoyenda makilomita 50 pa ola imadutsa pafupifupi mamita 14 pa sekondi iliyonse, ya 80 imadutsa mamita 22, ndipo ya 120 imadutsa mamita 33. Kuchokera pamene diso laona mwana pamsewu kufikira pamene phazi laponda buleki pamapita sekondi imodzi kapena kuposerapo, ngakhale kwa munthu amene sadalawe mowa ndipo sakuyang'ana foni. Ndiye kuti pa 120 mwayenda kale mamita oposa 30 musanayambe n'komwe kuima. Mabuleki akagwira, mtunda woimira sukula mofanana ndi liwiro, koma umakula kwambiri kuposa apo: mukawirikiza liwiro kawiri, mtunda woimira umawirikiza kanayi. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la World Health Organization limanena kuti mwayi woti munthu woyenda pansi afe akagundidwa ndi galimoto umakwera kanayi ndi theka liwiro likachoka pa 50 kufika pa 65. Taonani kuchepa kwa kusiyana kumeneko, makilomita 15 okha, amene inu mkati mwa galimoto yotseka mawindo ndi nyimbo zili pamwamba simungawamve n'komwe. Nanga phindu lake n'chiyani? Pa mtunda wa makilomita 20, woyenda pa 80 amatenga mphindi 15 ndipo woyenda pa 60 amatenga mphindi 20. Mukuika moyo wa mwana wa eni pachiswe chifukwa cha mphindi zisanu, pamene makolo adanena kale kuti kuthamanga si kufika.

Chikwangwani cha 50 pa Lizulu, pa Bembeke, pa Jenda kapena pa Kampepuza chidaikidwa chifukwa misika yathu idamera pamsewu penipeni. Tsiku la msika, milu ya tomato, mbatata ndi kabichi imafika m'mphepete mwa phula, ogulitsa amathamangira basi iliyonse yoima, ndipo anthu amatulukira kuseri kwa malole osayang'ana. Mu Meyi 2019 lole idalowa mumsika wa Kampepuza m'boma la Ntcheu n'kupha anthu ambiri nthawi imodzi. Idali lole, osati galimoto ya wachinyamata wokonda liwiro, koma ngoziyo idaonetsa dziko lonse kuti pakati pa matayala ndi anthu ogulitsa pamalo oterewa palibe chotchinga chilichonse.

Chinthu china chimene chimandidetsa nkhawa ndi chakuti ambiri a inu mudaphunzira kuyendetsa m'tauni, pa galimoto za otomatiki zochokera ku Japan, ndipo palibe amene adakuphunzitsani kutsika phiri. Mumaika pa D n'kutsika mtsetse wonse phazi lili pa buleki. Mabuleki akapondedwa nthawi yaitali choncho amatentha, amayamba kununkha, ndipo pamapeto pake phazi limangolowa pansi galimoto osamvera, nthawi zambiri kumunsi kwa phiri pamene mwayamba kudziona ngati akatswiri. Potsika Golomoti, Chiweta kapena Chikwawa, ikani giya yotsika musanayambe kutsetsereka, pa otomatiki ikani pa 2 kapena pa L, kuti injini ikuthandizeni kugwira galimoto, ndipo buleki muziponda mwa apo ndi apo. Chepetsani liwiro musanalowe pakhota, osati muli kale mkati mwake. Ndipo amene mumachotsa giya kuti mupulumutse mafuta potsetsereka, lekani lero lomwe, chifukwa mafuta amene mukusungawo sangakwane ngakhale kugula misomali ya bokosi.

Kudula makhota ndiye kumene kumandikwiyitsa koposa. Mwaonera mipikisano ya magalimoto pa kanema, mwaona oyendetsa akulowa mkati mwa khota kuti asachepetse liwiro, ndipo inu mukuchita zomwezo pa msewu wa anthu onse. Mukuiwala kuti ku mpikisanoko msewu amautseka, kutsogolo sikubwera galimoto ina, woyendetsa wavala chipewa cholimba, ndipo ambulansi ili chire pafupi. Kuno timayenda kumanzere, ndipo mzere woyera wosadukiza pakati pa msewu ukutanthauza kuti musawoloke ndiponso musapitirire galimoto ina. Mukalowa mbali ya eni pakhota losaoneka kutsogolo, amene mukakumane naye ndi minibasi yodzaza anthu kapena wanjinga yamoto atanyamula mayi ndi mwana kumbuyo. Choipitsitsa n'chakuti mukamayenda m'gulu, wachiwiri amangotsatira woyamba popitirira lole, osaona yekha ngati kutsogolo kuli bwino, chifukwa akuopa kutsalira ndi kusekedwa pofika.

Galimoto zanuzo kamuvi kake kamalekezera pa 180, koma zimenezo sizikunena kanthu za matayala amene mwavalika. Ambiri mukuyendera matayala akaunjika amene adatha kale ntchito kwina, ena osalala, ena azigamba m'mbali, ndipo tayala lotero likaphulika pakhota pa liwiro lalikulu palibe luso limene lingakupulumutseni. Nyengo nayo imasintha msewu. Ku Chikangawa chifunga chimatsika mwadzidzidzi mpaka osaona lole ya matabwa imene ili patsogolo panu, ku Thyolo chiperoni chimanyowetsa phula m'miyezi yozizira, ndipo mvula yoyamba ikagwa pa msewu umene wakhala miyezi ukusonkhanitsa fumbi ndi mafuta, pamaterera kuposa nthawi ina iliyonse. M'dzinja madzi amakokolola mchenga ndi miyala kuchokera m'phiri n'kuzisiya pakhota penipeni.

Ganiziraninso za kumene mukuchitira masewera amenewa. Mukagwera kuphompho pakati pa phiri, oyamba kufika ndi anthu a m'mudzi omwewo amene mumawaopseza ndi hutala, ndipo adzakutulutsani ndi makasu ndi zikwanje, n'kukukwezani pa galimoto iliyonse imene ingaime. Chipatala cha boma chili kutali, ndipo wovulala mutu kapena msana amayenera kutumizidwanso ku chipatala chachikulu ku Blantyre, Lilongwe, Zomba kapena Mzuzu, ulendo wa maola, magazi akutayika. Mukagunda munthu, mlandu wopha munthu chifukwa choyendetsa mosasamala ulipo m'malamulo a pamsewu ndipo ungakufikitseni kundende, osanenapo za mkwiyo wa anthu pamalopo. Midzi ina mukuona yadziikira yokha mahampu adothi ndi miyala pamsewu. Inu mumatukwana kuti akukuwonongerani galimoto, koma dzifunseni chimene chidachitika pamalopo kuti anthu afike potenga makasu kukakumba dothi lotchingira msewu.

Ndiyeno pali chizolowezi chophethirirana nyali pofuna kuchenjezana kuti kutsogolo kuli apolisi ndi kamera. Mumachepetsa liwiro, mumadutsa mwaulemu ngati ana abwino, ndipo mukangokhota mumapondanso mafuta. Apolisi apamsewu sangaime pakhota lililonse kuchokera ku Songwe mpaka ku Marka, ndipo nthambi ya boma yoona za pamsewu imene idakupatsani laisensi siingakhale nanu m'galimoto. Ngati chimene chimakuletsani kuthamanga ndi chindapusa chokha, ndiye kuti simudamvetse chifukwa chimene malirewo adaikidwira.

Inu okwera nawo, makamaka atsikana amene mumakhala kutsogolo n'kumajambula, musaope kunena kuti achepetse liwiro kapena akutsitseni, ndipo mangani lamba ngakhale mwakhala kumbuyo. Inunso makolo anzanga muli ndi gawo lanu. Mwana akabwereka galimoto kuti akupita kunyanja ndi anzake, mufunseni njira imene adzere, amene ayendetse pobwerera, ndiponso ngati m'galimotomo muli mowa, chifukwa ulendo wobwerera Lamulungu madzulo, anthu atatopa ndi dzuwa ndi zakumwa, n'kumakwera Golomoti kukuda, ndi woopsa kuposa wopita. Muuzeni anyamuke dzuwa likadali m'mwamba. Ndipo mukaona kanema wa kamuvi kali pa 120 atajambulidwa m'galimoto yanu, musaseke naye kapena kunena kuti ndi chinyamata chabe. Mulandeni makiyi, ndipo asawaonenso kufikira atakhala nanu pansi n'kufotokoza bwinobwino giya imene angaike poyamba kutsika pa Masasa ndi chimene angachite ataona masamba pamsewu.